Ufulu Unafika mu 1964, Koma Unapeza Ndani Ali Wokonzeka?



Chaka chilichonse pa 6 July dziko lathu limakumbukira tsiku limene linalandira ufulu wodzilamulira. Mwana aliyense wa Fomu 2 angathe kukuuzani kuti zinachitika mu 1964, kuti mbendera ya Angerezi inatsitsidwa ndipo Nyasaland inasanduka Malawi. Yankho limeneli ndi loona, ndipo pa mayeso amakhoza nalo. Koma pali funso lina limene sitifunsana kawirikawiri: Angerezi atanyamuka, mipando imene anasiya m'maofesi, m'makhoti, m'zipatala ndi m'sukulu inagwa m'manja mwa yani, nanga chifukwa chiyani? Ganizo langa ndi lakuti ufulu ukafika umayamba kupindulira amene wawapeza akudziwa kuwerenga ndi kulemba, pamene enawo amadikira zaka zambiri, nthawi zina mibadwo ingapo. Zinatero kuno kwathu, zinateronso m'maiko a ku America amene ankalamulidwa ndi Spain. Nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Linthipe chifukwa chaka ndi chaka tikuona mabenchi a Fomu 3 ndi Fomu 4 akutsala opanda eni ake.

Mmene tinalowera m'manja mwa atsamunda

Boma la Britain linalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake. Chaka chomwecho, mu June, Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana malire. N'chifukwa chake mukamayenda pa msewu wa M1 kuchoka pa Dedza kulowera ku Ntcheu mumadutsa malo amene dzanja lina ndi Malawi, dzanja lina ndi Mozambique, chonsecho anthu ake ndi amodzi, amalankhula chimodzimodzi, amakwatirana ndipo amaikana maliro. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda, anabwera ndi asilikali ochokera ku India n'kuyamba kuthyola mafumu mmodzimmodzi. Pakati pa 1891 ndi 1895 anagonjetsa Makanjira, Jalasi ndi Kawinga, ndipo mu 1896 Inkosi Gomani ya Angoni inaphedwa. Tisabisane, ena mwa mafumu amenewa ankachita malonda a akapolo, ndipo Angerezi analowera pomwepo. Koma chimene chinatsatira ndi msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa nthaka yabwino ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, komanso thangata, kugwira ntchito m'munda wa mzungu kuti ukhale pamalo amene makolo ako anakusiyira.

Mu January 1915 M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, anadzutsa nkhondo yokana nkhanza za m'maesiteti ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera pa nkhondo ya azungu. Pasanathe masabata awiri, pa 3 February, anali ataphedwa. Kulimba mtima kunalipo, koma mfuti zinali kwa boma. Amene anabwera pambuyo pake anasankha zida zina: misonkhano, makalata odandaula, nyuzipepala ndi chipani. Timabungwe ta aphunzitsi, makalaliki ndi abusa timene tinali m'maboma osiyanasiyana tinagwirizana mu 1944 n'kupanga Nyasaland African Congress, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Levi Mumba.

Moto weniweni unayaka mu 1953, pamene Britain inatiphatikiza mokakamiza mu Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu athu ambiri anali atagwirako ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo ankadziwa bwino chimene ulamuliro wa azungu a kumeneko unkatanthauza. Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma. Anamuchotsa paufumu, anawolokera ku Mozambique, Apwitikizi anamubweza, ndipo anamwalira mu 1954. Mu 1956 achinyamata awiri ophunzira, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, analowa m'nyumba ya malamulo n'kuyamba kufunsa boma mafunso amene linali lisanazolowere kuyankha. Iwowa ndi anzawo ndiwo anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 July 1958. Pa 3 March 1959 boma linalengeza kuti zinthu zafika poipa, linamanga anthu oposa 1,000, ndipo anthu opitirira 50 anaphedwa m'dziko muno, ena a iwo pa Nkhata Bay. Dr Banda anakatsekeredwa ku Gwelo mpaka pa 1 April 1960. Chisankho chinachitika mu August 1961, boma lodziyendetsera tokha linayamba mu February 1963, Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, ndipo ufulu unafika pa 6 July 1964.

Amene anakhala patebulo

Mu zonsezi, amene anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuwomberedwa anali anthu wamba, ambiri osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo. Amayi anayenda midzi yambiri kusonkhanitsa anzawo, ndipo Mayi Rose Chibambo analowa m'ndende mu 1959 ali ndi khanda kumanja. Palibe angachotse ulemu umenewo. Komabe itakwana nthawi yokakambirana malamulo atsopano ku London mu 1960, patebulo panakhala anthu a mapepala. Dr Banda anali dokotala wophunzira ku America ndi ku Scotland. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu September 1959, anali loya. Chiume anaphunzira ku Makerere. Ngakhale chisankho cha 1961 sichinali cha aliyense: pofuna kulembetsa ankayang'ana ndalama zimene munthu amapeza, msonkho, udindo ndi kudziwa kulemba, kotero kuti mwa anthu pafupifupi 3 miliyoni, olembetsa anangopitirira pang'ono 100,000.

Apa ndi pamene mbiri imeneyi imakhudza banja lathu la Asilamu. M'nthawi ya atsamunda sukulu pafupifupi zonse zinali za mishoni. Kuno kwathu kunali sukulu za a Nkhoma, za a Bembeke ndi za a Mua. Sukulu yoyamba ya sekondale ya boma, Dedza Secondary School, inatsegulidwa mu 1951, patatsala zaka 13 zokha kuti ufulu ufike, ndipo kuti mwana akafike kumeneko ankayenera kudutsa kaye ku pulayimale ya mishoni. Agogo athu ambiri anakana kutumizako ana awo poopa kuti akasinthidwa chipembedzo ndi dzina. Mantha amenewo anali ndi maziko, ndipo ife amene tikuswali lero tili ndi ngongole kwa iwo. Sanali anthu odana ndi maphunziro. Masheikh monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa anthu ochuluka m'mbali mwa nyanja, ndipo ophunzira awo ankawerenga ndi kulemba m'zilembo za Chiarabu. Vuto linali lakuti boma silinkawerengera maphunziro amenewo polemba anthu ntchito.

Choncho 1964 inatipeza tili ndi matelala aluso, asodzi, ophika, alonda ndi amalonda ochenjera, koma aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ochepa kwambiri. Panalibe lamulo lolembedwa loti Msilamu asakhale bwana ku ofesi. Satifiketi ndi imene inkatsegula chitseko, ndipo ambiri a ife tinalibe. Zinatenga zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene mabungwe a Chisilamu anayamba kumanga sukulu ndi kulipirira ana, kuti mpata umenewo uyambe kuchepa. Mpaka lero sunatsekeke.

Kalilole wochokera kwawo kwa kachewere

Wina angaganize kuti zimenezi zinangochitikira ife. Kuti tione kuti ndi mchitidwe wa ufulu paliponse, tiyeni tiyang'ane kutali, kumene kunachokera mbewu zimene timadalira. Mbatata ya kachewere imene timagulitsa m'mbali mwa msewu pano kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes, ku Peru ndi ku Bolivia. Chimanga chinayambira ku Mexico. Maiko amenewo analamulidwa ndi Spain zaka pafupifupi 300, ndipo anthu ake anasanjidwa ngati makwerero. Pamwamba panali azungu obadwira ku Spain, amene ankapatsidwa maudindo akuluakulu. Pansi pawo panali ana a azungu obadwira ku America komweko, otchedwa criollos, eni minda ndi migodi, ophunzira bwino koma omanidwa mipando. Kenako panali anthu a magazi osakanikirana. Pansi penipeni panali eni nthaka ndi akapolo ochokera ku Africa. Ku migodi ya siliva ya ku Potosí eni nthaka ankakakamizidwa kukagwira ntchito mosinthana, thangata wa kumeneko.

Mu 1808 Napoleon wa ku France analanda Spain, anagwira mfumu Ferdinand VII n'kuika m'bale wake pampando. Mwini khola atagwidwa, a criollos anaona mpata. Mu 1810 mizinda ya Caracas, Buenos Aires ndi Bogotá inakhazikitsa makomiti odzilamulira, ndipo mu September chaka chomwecho wansembe Miguel Hidalgo anadzutsa anthu osauka ku Mexico. Anaphedwa mu 1811, ndipo a criollos ambiri a ku Mexico anathandiza kumugonjetsa chifukwa ankaopa khamu la amphawi kuposa mmene ankadanira ndi Spain. Nkhondo inapitirira zaka zoposa khumi. José de San Martín anawolotsa asilikali ake mapiri a Andes mu 1817 kukamasula Chile. Simón Bolívar anapambana ku Boyacá mu 1819 ndi ku Carabobo mu 1821. Mexico inamasuka mu 1821, ndipo pa 9 December 1824, ku Ayacucho m'dziko la Peru, Antonio José de Sucre anaphwanya gulu lalikulu lomaliza la asilikali a Spain.

Tsono taonani chimene chinatsatira. Asilikali ambiri amene anafa pa nkhondo zimenezi anali eni nthaka, akapolo ndi abusa a ng'ombe. Bolívar mwini analandira zida ndi zombo kwa Alexandre Pétion wa ku Haiti mu 1816 atalonjeza kuti adzamasula akapolo. Koma ukapolo unathetsedwa ku Venezuela ndi ku Peru mu 1854, patatha zaka 30 kapena kuposa. Msonkho wapadera umene eni nthaka ankapereka kwa mfumu ya Spain unapitirira ku Peru mpaka chaka chomwecho, olandira okha ndiwo anasintha. Bolivia inalandira ufulu mu 1825, koma inadikira mpaka 1952, zaka 127, kuti munthu wamkulu aliyense aloledwe kuvota. Chisanafike chaka chimenecho, wosadziwa kulemba ankakanizidwa, ndipo ambiri mwa osadziwa kulembawo anali eni nthaka. Ku Peru lamulo lotere linachotsedwa mu 1979, ndipo osaphunzira anavota mu 1980. Alimi a mbatata a ku Andes anachotsa mfumu ya Spain ndi magazi awo, koma cholembera chinawatsekera kunja kwa dziko lawo lomwe.

Mbiri yomweyo ili ndi chitsanzo china. Benito Juárez anali mwana wamasiye wa mtundu wa Zapotec, m'busa wa nkhosa, amene mpaka zaka 12 sankalankhula Chisipanishi. Mu 1818 anayenda wapansi kupita mu mzinda wa Oaxaca, anapeza womulipirira sukulu, anaphunzira zamalamulo, ndipo anakhala mtsogoleri wa Mexico kuyambira 1858 mpaka imfa yake mu 1872. Makwerero aja anali akadalipo, koma mwana mmodzi amene wina anamugwira dzanja anawakwera mpaka pamwamba.

Walira mvula walira matope

Pali chinanso chimene chimachitika ufulu ukapeza ophunzira ali ochepa: ochepawo amayamba kulimbana okhaokha, ndipo anthu wamba alibe njira yowaletsera. Bolívar anamanga dziko lalikulu limene lero timalitcha Gran Colombia. Mu 1830 linagawikana, Venezuela ndi Ecuador zinapatukana, Sucre anaphedwa mu June, ndipo Bolívar anamwalira mu December ali wokhumudwa. Mgwirizano wa maiko a pakati pa America unasweka m'zidutswa zisanu pofika cha m'ma 1840. Malo a mfumu ya Spain anatengedwa ndi akuluakulu a asilikali amene ankalanda boma ndi mfuti. Ngakhale muno mu Africa, Equatorial Guinea inamasuka kwa Spain mu October 1968 n'kugwa m'manja mwa Francisco Macías Nguema, amene anapha ndi kuthamangitsa anthu ophunzira mpaka anachotsedwa mu 1979.

Kwathu kuno matope anabwera msanga. Pasanathe miyezi itatu chilandirireni ufulu, mu September 1964, nduna zinasemphana ndi Dr Banda pa nkhani ya ubale ndi Apwitikizi, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndi tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala. Chirwa, Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, pamene Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi udindo. Mu February 1965 Chipembere anayesa kulanda boma kuchokera ku Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, koma anakanika pa Liwonde, ndipo midzi ya m'dera limenelo inalipira mtengo waukulu. Mu 1966 tinakhala dziko la chipani chimodzi, mu 1971 tinakhala ndi mtsogoleri wamuyaya. Boma limenelo linamanga misewu, yunivesite ndi likulu la Lilongwe, linamanganso anthu ambiri popanda kuwazenga mlandu. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo wophunzira wabwino ayenera kudziwa zonse.

Abale athu a tsidya la msewu anaona zoopsa kuposa pamenepa. Frelimo inayamba nkhondo mu September 1964. Monga mmene kugwa kwa mfumu ya Spain mu 1808 kunatsegulira njira maiko a ku America, kugwetsedwa kwa boma la ku Lisbon pa 25 April 1974 kunatsegulira njira Mozambique, ndipo ufulu unafika pa 25 June 1975. Apwitikizi anasiya dziko limene anthu oposa 9 mwa 10 aliwonse sankadziwa kuwerenga, ndipo ambiri mwa azungu amene ankayendetsa maofesi ndi mafakitale anachoka. Nkhondo yapachiweniweni, imene maboma a azungu a Rhodesia ndi South Africa anakolezera, inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo Dedza ndi Ntcheu zinalandira ambiri. Makolo amene mukuwerenga nkhaniyi mukukumbukira misasa ija.

Kumbukiraninso mmene ulamuliro wa chipani chimodzi unathera. Unagwedezeka ndi pepala: kalata ya mabishopu a Katolika imene inawerengedwa pa 8 March 1992, kenako timakalata timene anthu ankapatsirana mobisa m'matauni. Pa referendamu ya 14 June 1993 anthu anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, zithunzi zimene zinathandiza ambiri amene sakanatha kuwerenga mawu. Mu May 1994 dziko limene Asilamu ndi ochepa linasankha Msilamu, Bakili Muluzi, kukhala mtsogoleri, ndipo chaka chomwecho sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Tinadikira zaka 30 chilandirireni ufulu kuti mwana wa mmphawi aphunzire pulayimale yonse popanda kulipira.

Mawu a amene akutsutsa

Ndikudziwa zimene makolo ena amanena, ndipo si zopanda nzeru. Amati: “A mwalimu, taonani ana a MSCE, ena a digiri, angokhala pakhomo. Mnzawo amene anasiyira Fomu 2 n'kupita ku Joni wamanga nyumba ya malata, wagula njinga yamoto ya kabaza. Sukuluyo phindu lake n'chiyani?” Ena amawonjeza kuti akuba ndalama za boma ndi ophunzira omwewo, monganso a criollos aja anali ophunzira koma anapondereza anzawo.

Pa mfundo yoyamba, n'zoona kuti ntchito zasowa, ndipo sindingalonjeze kholo lililonse kuti satifiketi idzabweretsa malipiro. Koma taganizirani zimene mnyamata wa ku Joni uja amakumana nazo. Pa chipata amamupatsa fomu, bwana amamupatsa pepala loti asaine, wapolisi amamufunsa zikalata. Amene satha kuwerenga amasaina chimene sakuchidziwa. Kunonso n'chimodzimodzi: mlimi wa kachewere amene satha kuwerengetsera amagulitsa thumba pamtengo umene wogula wanena, amatenga ngongole ya feteleza osadziwa chiwongoladzanja chake, ndipo tsiku lina amamva kuti dimba la makolo ake lalembedwa m'dzina la munthu wina. Thangata wa masiku ano amabwera papepala.

Pa mfundo yachiwiri, mbiri ya ku America ikuyankha yokha. A criollos anatha kupondereza anzawo chifukwa ophunzira anali iwo okha. Mankhwala a ophunzira ochepa osakhulupirika ndi kuchulukitsa ophunzira, kufikira m'mudzi uliwonse mutakhala anthu otha kufunsa kuti ndalama za chitukuko zapita kuti, n'kuwerenga okha yankho lake. Ndiponso n'chifukwa chake sukulu ngati yathu ilipo: kuti mwana atuluke ndi masamu ndi Chingerezi, komanso ndi mantha a Allah amene amaletsa dzanja kutenga chimene si chake. Agogo athu anakakamizidwa kusankha pakati pa Deen ndi sukulu. Ife chisankho chowawacho chinatichokera. Tikalephera lero, tilibe mtsamunda kapena mmishonale woti timuloze chala.

Mbiri ya Mtumiki wathu Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, imatiphunzitsa zomwezi. Kusamuka ku Makka mu 622 kunapulumutsa Asilamu ku nkhanza za Akuraishi, koma ntchito yomanga mtundu inayambira ku Madina. Anayanjanitsa mafuko a Aws ndi Khazraj amene ankaphana, anamanga ubale pakati pa osamuka ndi eni mudzi, ndipo analembetsa pangano lokhalirana ndi Ayuda a mumzindamo. Itatha nkhondo ya Badr, akaidi ena odziwa kulemba anawomboledwa pophunzitsa ana a ku Madina kulemba. Panthawi imene chuma chinkafunika kwambiri, iye anaona kuti cholembera m'manja mwa mwana ndi dipo lokwanira.

Zimene ndikupempha

Kwa inu makolo, pempho langa ndi lakuti mwana amene wayamba Fomu 1 amalize Fomu 4. Nyengo yokumba mbatata kapena tsiku la msika lisakhale chifukwa chojombetsa mwana. Mtsikana asachotsedwe pasukulu chifukwa kwabwera wofunsira wa galimoto. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mtsikana amene wabereka ali ndi mwayi wobwerera m'kalasi. Mayi wophunzira ndiye amawerenga kadi la sikelo, amathandiza mwana homuweki, ndipo sanamizidwa pa chuma cha masiye. Mukamagawa ndalama za zokolola, za makope, yunifolomu ndi mayeso ziyambe kupatulidwa, chifukwa m'mera mpoyamba.

Kwa inu akuluakulu a komiti, tikuthokoza chifukwa cha zimene mwachita kale pomanga ndi kusamala sukulu ino. Ndikupempha kuti mukhazikitse thumba lapadera la ana amasiye ndi osowa, limene lizisonkhedwa nthawi yokolola, ndipo ndondomeko yake iziwerengedwa poyera pambuyo pa Jumu'ah kamodzi pa teremu. Ndikupemphanso kuti mwana akajomba masabata awiri, anthu awiri a komiti azikafika pakhomo pake asanatayike. Benito Juárez anafika patali chifukwa munthu mmodzi anamutsegulira nyumba. M'midzi yotizungulira muli ana otere, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu ophunzira, musathawe phunziro la mbiri yakale poganiza kuti ndi maina ndi madeti chabe. Pa tchuthi chikubwerachi aliyense akhale pansi ndi agogo kapena munthu wachikulire wa m'mudzi mwake. Mufunseni za msonkho, za malimidwe okakamiza, za 1959, za makadi a chipani, za othawa nkhondo, ndi chifukwa chimene iye anapitira kapena sanapitire kusukulu. Lembani zimene akuuzani m'Chichewa kapena m'Chiyao, mubwere nazo, tidzazisunge mu laibulale. Anthu amene anaona 1959 ndi maso awo atsala ochepa, ndipo akapita apita nazo. Pezaninso malamulo aakulu a dziko lino muwerenge gawo 25, lonena za maphunziro, ndi gawo 33, lonena za ufulu wachipembedzo. Muziwadziwa nokha, osadikira kuti wandale adzakuuzeni pa msonkhano.

Pa kalembera wa 2018 Asilamu tinapezeka kuti ndife pafupifupi 14 mwa anthu 100 aliwonse m'Malawi. Funso loti tidzifunse pa 6 July ndi lakuti, mwa madokotala 100, maloya 100 kapena aphunzitsi 100 a sekondale amene dziko lino lidzakhale nawo zaka 20 zikubwerazi, angati adzachokere m'nyumba zathu, ndipo angati mwa iwo adzakhale atsikana. Yankho lake likulembedwa panopa, m'kaundula wa kalasi amene timaitana m'mawa uliwonse.

Allah atipatse maphunziro opindulitsa, awachitire chifundo makolo athu amene anavutikira dziko lino, ndipo asunge Malawi pamtendere. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu